Njovu ya Lobengula pa ndege zoponya mabomba za 44 Squadron

Nabanda wa ku Lincoln: Abale mwadzuka bwanji nonse. Dzulo ndinali pa off ndiye agogo ena amene ndimawasamalira kuno anandipempha kuti ndiwaperekeze pamalo okumbukira anyamata a ndege zoponya mabomba aja, pa International Bomber Command Centre, pali paphiri la Canwick moyang'anana ndi tchalitchi chachikulu cha Lincoln. Pali chinsanja chachitsulo chotalika mamita 31, akuti nkufanana ndi mapiko a ndege ya Lancaster kuchoka nsonga iyi kukafika inayo, ndiye kuzungulira pamenepo makoma achitsulo odzadza mayina okhaokha, pafupifupi 58,000, opanda kulemba kuti uyu anali bwana uyu anali wamba. Koma chimene chandibweretsa pano nchakuti agogowo anandiuza kuti mchimwene wawo anali mu gulu lotchedwa 44 Rhodesia Squadron ndipo chizindikiro chawo chinali njovu. Ine kudabwa, Rhodesia yomweyi ya kwathu kufupi? Njovu ikutani ku England kozizira kuno? Amene mukudziwa tandimasulireni chonde, usiku wonse mutu wanga unali pamenepo

Aphunzitsi a ku Dedza: Achemwali mwafunsa bwino. Rhodesia yake ndi yomweyo, Southern Rhodesia, Zimbabwe wa lero. Gululi linayamba mu 1917 nthawi ya nkhondo yoyamba, ntchito yake inali kuteteza London, kenako linatha nkudzaliyambitsanso mu 1937 ngati gulu la ndege zoponya mabomba ndipo kwawo kunali ku Waddington, pafupi ndithu ndi kumene muliko inuyo. Nkhondo ya Hitler itayamba ankayendetsa ndege za Hampden. Dzina la Rhodesia analiphatikiza mu 1941 pothokoza atsamunda a ku Salisbury, Harare wa lero, chifukwa cha thandizo lawo pankhondoyo, ndipo nthawi imeneyo pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi aliwonse mgululo anali wochokera kumeneko. Panalinso magulu ena awiri a dzina lomweli, 237 ndi 266, koma amenewo anali a tindege tomenyana mlengalenga. Ian Smith mwiniwake uja, amene anadzakhala nduna yaikulu ya boma la azungu ku Rhodesia, anali mu 237

Aphunzitsi a ku Dedza: Za njovuzo ndiye pamene pamandiwawa ine. Anaitenga pa chidindo cha Lobengula mfumu ya Amandebele, chimene ankadindira makalata ake. Mfumu yomweyo imene asilikali a kampani ya mtsamunda Cecil Rhodes anaigonjetsa mu 1893 nkuilanda dziko. Pasanathe zaka 50 njovu yake ili pa baji ya ndege za Mfumu George VI, pansi pake mawu a Chilatini akuti Fulmina Regis Iusta, kutanthauza kuti mphezi za mfumu nzolungama

Mayi a Tadala: Aaa koma zimenezo ndiye zandikhudza. Kumulanda munthu dziko, ng'ombe, kenako ndi chidindo chomwe?

Mzukulu wa Mchona, Gweru: Moni akuluakulu, mundikhululukire Chichewa changa chasakanikira ndinabadwira kuno. Nkhaniyi ine ndiyanga ndithu. Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu wapansi kubwera kuno kudzasaka ntchito ndipo anagwirapo pa mabwalo a ndege nthawi ya nkhondo imeneyo. Anthu ambiri sadziwa kuti dziko lino linali sukulu yaikulu ya mapayiloti a Britain, chifukwa kuno kumwamba kumakhala koyera chaka chonse komanso ndege za Germany sizikanafika. Kunali Thornhill, Guinea Fowl ndi Moffat kufupi ndi Gwelo (Gweru wa lero), Kumalo, Induna ndi Heany ku Bulawayo, Belvedere, Cranborne ndi Mount Hampden ku Salisbury. Thornhill mpaka lero ndi bwalo la asilikali a ndege, analisintha dzina kukhala Josiah Tungamirai. Tsono funso langa lomwe ndimafunsa nthawi zonse, anadula mitengo ndani, anazula zitsa ndani, anasalaza ndani mabwalo onsewo? Anali anthu akuda ndi mapiki ndi mafosholo, ambiri mochita kugwidwa kumidzi kudzera kwa mafumu, ndipo mu 1942 boma linachita kukhazikitsa lamulo la Compulsory Native Labour Act loti azigwira anthu mwachibalo kukalima m'mafamu a azungu poti chakudya chinkafunika chambiri. Agogo ankati manja anachita matuza mpaka khasu kuligwira ndi sanza

Nabanda wa ku Lincoln: Achimwene a ku Gweru zikomo, ine izi sindinazimvepo chibadwire

Makaniko wa ku Joni: Ine ndilowe mbali ya zitsulo poti ndi kumene ndimadyera. 44 Squadron ndi gulu loyamba kulandira Lancaster, kumapeto kwa 1941, ndipo ulendo woyamba wa Lancaster kunkhondo anauyenda ndi iwowa pa 3 March 1942 kukatchera mabomba a m'madzi kufupi ndi Heligoland. Chindege chimenechi chinali ndi mainjini anayi a Rolls-Royce Merlin, anthu 7 mkati, woyendetsa, injiniya, wolondolera njira, woponya mabomba, wa wayilesi ndi amfuti awiri, wina pamsana wina kumchira. Wakumchirayo ndiye ndimamumvera chisoni kwambiri, yekhayekha mkagalasi maola 7 kapena 8 kuzizira koopsa, parachuti yake ili kunja kwa kachipindako moti ndege ikayaka amayenera kutsegula kachitseko kumbuyo kwake kuti aitenge. Anapanga zokwana 7,377 koma zouluka lero zatsala ziwiri basi, ina ku Coningsby konko ku Lincolnshire ina ku Canada

Amalume a ku Zomba: Ana inu mwandidzutsa. Ine ndinagwira ntchito ya usilikali mpaka kupuma ndiye nkhani ya 44 imene imandikhalabe mumtima ndi ya ku Augsburg, 17 April 1942. Tamverani mmene anawatumira anyamatawa. Sitima za Germany zoyenda pansi pa nyanja zinali zikumiza zombo zobweretsa chakudya ku Britain, ndiye akuluakulu anati tikaphwanye fakitale ya MAN imene inkapanga mainjini a dizilo a sitimazo. Vuto nlakuti Augsburg ili mkati mwenimweni kummwera kwa Germany, ndipo usiku sakanatha kuona shedi imodzi pakati pa tawuni, ndiye anati mupite masana. Masana! Ndege 12, zisanu ndi imodzi za 44 ndi zina zisanu ndi imodzi za 97 Squadron, popanda ndege zoziperekeza, kuuluka mmunsi mwenimweni kungopitirira nsonga za mitengo kuti radar isazione. Wotsogolera anali John Nettleton

Amalume a ku Zomba: Atangolowa mu France gulu la Nettleton linadutsa pafupi ndi bwalo la ndege la Beaumont-le-Roger nthawi yomwe tindege ta Germany tinkabwerera kudzatera. Anawaona. Mphindi zochepa chabe Lancaster zinayi za 44 zinali pansi zikuyaka, chifukwa mfuti za Lancaster zinali zazing'ono za .303 pomwe anzawowo anali ndi mizinga yoombera patali. Zinatsala ziwiri. Munthu wina akanatembenuka koma Nettleton ndi mnzakeyo anapitirira mtunda wonse wotsalawo mpaka kukafika pafakitale nkuponya, yachiwiriyo inaomberedwa pomwepo nkugwa. Pa zisanu ndi imodzi za 44 inabwerera imodzi yokha, ya Nettleton, yobookabooka, nkukatera usiku kufupi ndi Blackpool kutali ndi kwawo. A 97 anataya ziwiri. Zonse pamodzi 7 pa 12, ndipo pa anyamata 85 amene ananyamuka 49 sanabwerere, 37 anafa ndipo 12 anagwidwa ukaidi

Mayi a Tadala: Mayo ine. Nanga fakitaleyo inatheratu amalume?

Amalume a ku Zomba: Mayi ndi pamene pamapweteka pamenepo. Ena mwa mabomba amene anagwera pafakitale sanaphulike nkomwe ndipo ntchito yopanga mainjini sinaime kwenikweni. Nettleton anamupatsa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kuposa zonse, koma mu July 1943 akubwerera koponya mabomba ku Turin ku Italy ndege yake inaomberedwa panyanja ndipo thupi lake silinapezeke. Anali ndi zaka 26. Ine monga msilikali sindinganyoze kulimba mtima kwa ana amenewa, ndikudziwa kuti lamulo likabwera umapita, koma amene anakonza pulaniyo ali muofesi ndimawaimba mlandu mpaka lero

Makaniko wa ku Joni: Ndipo Nettleton sanali wa ku Rhodesia amalume, anali wa konkuno, anabadwira ku Nongoma ku KwaZulu-Natal

Amalume a ku Zomba: Zoona mphwanga, wandikumbutsa

Mayi a Tadala: Koma abale ndiloleni ndilankhule zimene zili kukhosi. Tikunena za anyamata a mmwamba, chabwino ndi ana a anthu, nanga amene anali pansi? Chifukwa zitakanika za masanazo ndamva kuti ankangopita usiku nkumakhuthula pa tawuni yonse. Pansipo panali azimayi oyembekezera, makanda, nkhalamba zosatha kuthamanga. Ine ndine mzamba, ndikamva mawu akuti mphezi za mfumu nzolungama thupi limachita tsemwe, mphezi yogwera pa wodi ya amayi ingalungame bwanji

Aphunzitsi a ku Dedza: Mayi simunalakwe ndipo funso limeneli a ku Britain eniake akhala akukangana nalo zaka zonsezi. Kuyambira February 1942 malamulo anasintha kuti aziphwanya matawuni athunthu ncholinga chofooketsa anthu ogwira ntchito m'mafakitale, ndipo mwezi womwewo Bomber Command, nthambi yoyang'anira ndege zoponya mabomba za Britain, inapatsidwa kwa Arthur Harris. Apa Rhodesia ikubweranso, Harris anapita ku Rhodesia mu 1910 ali mnyamata, anagwira ntchito zapafamu ndi zoyendetsa ngolo, nkhondo yoyamba itayamba analowa 1st Rhodesia Regiment ngati woimba lipenga nkukamenya ku South West Africa, Namibia wa lero. Ku Hamburg mu July 1943 moto unachita kupanga kamvuluvulu wake nkupha anthu pafupifupi 40,000 ambiri usiku umodzi, ku Dresden mu February 1945 pafupifupi 25,000 nkhondo ili pafupi kutha. Nchifukwa chake nkhondo itatha boma linachita manyazi, anyamata a mabomba sanawapangire mendulo yawoyawo ndipo chipilala chawo ku London pa Green Park chinadzatsegulidwa mu 2012, ambiri atamwalira kale

Amalume a ku Zomba: Aphunzitsi nenaninso mbali inayo. Amene anayamba kuwotcha matawuni a eni ndani? Warsaw, Rotterdam, Coventry, London. Ndipo boma la Hitler linali kupha Ayuda mamiliyoni nthawi yomweyo, ifeyo akuda likanapambana mukuganiza tikanakhala kuti? Pa anyamata 125,000 amene anauluka mu Bomber Command 55,573 anafa, ndiye kuti pafupifupi theka, ambiri azaka 20 kapena 22, ndipo onse analowa mwa kufuna kwawo. Amayenera kukwanitsa maulendo 30 asanapume. 44 inali mwa magulu atatu amene anataya anthu ambiri zedi

Mayi a Tadala: Amalume sindikukana za Hitler ayi, anali chilombo. Koma khanda la ku Hamburg silinavotere munthu. Mtima wanga ukukana kuti kulakwa kwa uyo kuyeretse kulakwa kwa uyu, pamenepo ndiye sitigwirizana basi

Amalume a ku Zomba: Ndakumvani mayi, sindikukakamizani. Inenso za Dresden sindiziteteza

Nabanda wa ku Lincoln: Agogo ndimawasamalirawa nawonso ananena zofanana ndi zanu Mayi a Tadala. Anali kamtsikana nthawi imeneyo, akuti madzulo ankaima panja nkumawerenga ndege zikunyamuka nyumba yonse ikunjenjemera, mmamawa nkuwerenganso zobwerera, ndipo tsiku limene mchimwene wawo sanabwere mayi awo anakhala masiku osatseka chitseko. Koma anatinso atakula anapita ku Germany kukaona manda ake ndipo mayi wina wa kumeneko anawauza za ana ake amene anapsa mchipinda chapansi, analira limodzi. Ndinalephera choyankha ndinangowagwira dzanja

Mzukulu wa Mchona, Gweru: Funso langa aphunzitsi, mu 44 munali munthu wakuda ngakhale mmodzi wochokera kuno amene anakwera ndegezo? Poti dzina ndi la dziko lathu njovu ndi ya mfumu yathu

Aphunzitsi a ku Dedza: Achimwene, a ku Rhodesia amene ankatumizidwa kukauluka anali azungu. Akuda a kumeneko ntchito yawo inali yomanga, yophika, yochapa ndi yolondera, panali gulu la Rhodesian Air Askari Corps lolondera mabwalo aja mwatchulawa. Komatu RAF, gulu la nkhondo la ndege la Britain, payokha inalandira akuda ochokera kwina, a ku Caribbean mazana angapo anauluka, ndipo wa ku Africa amene ndimawauza ana asukulu ndi Johnny Smythe wa ku Sierra Leone, anali wolondolera njira mu ndege ya Stirling ya 623 Squadron, anamugwetsa ku Germany mu November 1943 nkukhala mkaidi mpaka nkhondo kutha, kenako anadzakhala loya wamkulu kwawo. Ndiye nkhani sinali yoti wakuda sangathe masamu a ndege, linali tsankho la boma la ku Salisbury

Amalume a ku Zomba: Ndipo athu a ku Nyasaland anamenya nkhondo yomweyo ndi mapazi, a King's African Rifles (KAR), ku Somaliland, Abyssinia, Madagascar mpaka ku Burma m'matope ndi malungo. Bambo anga aang'ono anabwerako ndi chifuwa chosatha. Mukadzafika ku Zomba mudzaime pa chipilala cha KAR chija kufupi ndi Cobbe Barracks, musamangodutsa pa minibasi

Makaniko wa ku Joni: Tisaiwale kuti gululi silinathere 1945. Anapatsidwa Lincoln, kenako Washington imene ndi B-29 ya America yobwereka, kenako Canberra ya jeti, ndipo mu 1956 pa mkangano wa Suez ananyamuka ku Cyprus kukaponya mabomba ku Egypt kwa Pulezidenti Nasser. Analitseka mu 1957 nkulitsegulanso mu 1960 ku Waddington komweko ndi Vulcan, chindege cha mapiko a ngodya zitatu chija chonyamula bomba la nyukiliya. Ntchito yawo inali kukhala tcheru usana ndi usiku, belu likalira mphindi zochepa akhale ali mmwamba kulunjika ku Soviet Union, mpaka 1969 pomwe udindowo unapita kwa sitima zoyenda pansi pa nyanja zonyamula mizinga ya Polaris. Chimene chimandinyansa pa Vulcan monga munthu wa zitsulo, munali anthu asanu koma mipando yodziponya kunja inali iwiri yokha ya mapayiloti, atatu akumbuyo amayenera kukwawira pa chitseko chapansi, ndege ikavuta ili mmunsi amenewo kwawo kunali kutha

Mzukulu wa Mchona, Gweru: Ndiye kuti njovu ya Lobengula inakaponya mabomba pa dziko la mu Africa momwe muno, 1956. Eeh. Izi ndiwauza ana anga madzulo ano

Makaniko wa ku Joni: Ndipo yomaliza ndi nkhondo ya zilumba za Falklands 1982, ndegezo zitatsala pang'ono kupita ku sikirapu. Argentina italanda zilumbazo bwalo lapafupi limene Britain ikanagwiritsa ntchito linali pa chilumba cha Ascension pakati pa Atlantic, kupita ndi kubwera makilomita oposa 12,000. Vulcan siikanafika ndi thanki yake, ndiye amakaniko anachita kudzutsa mapaipi omwetsera mafuta mlengalenga amene anali atakhala zaka osagwira ntchito, masipeya kuchita kusakasaka pa ndege zakale. Usiku wa 30 April kucha 1 May ananyamuka ma Vulcan awiri ndi ma Victor 11 onyamula mafuta, Victor kumwetsa Victor inzake kuti ina ipitirire nkukamwetsa Vulcan, ngati kupatsirana ndowa pozimitsa moto. Vulcan yoyamba inabwerera itangonyamuka chifukwa mpweya unkatuluka pa zenera, ndiye yapambali XM607 ndi Martin Withers ndi imene inapita. Mabomba 21 a mapaundi 1,000 lililonse, limodzi linagwera pa msewu wa ndege wa ku Port Stanley nkukumba dzenje. Maola pafupifupi 16 mmwamba. Oyendetsa ndi ndege anachokera mu 44, 50 ndi 101 onse a ku Waddington

Mayi a Tadala: Mafuta onsewo ndi bomba limodzi?

Makaniko wa ku Joni: Anthu amatsutsana mpaka pano mayi. Dzenjelo a Argentina analikwirira ndipo ndege zawo za katundu za Hercules zinapitiriza kutera, koma ena amati phindu linali kuwaonetsa kuti ngati tafika apa tikhozanso kufika kwanu. Ine mbali ya umakaniko ndimavula chipewa, mbali ya phindu ndili ndi inu

Aphunzitsi a ku Dedza: Gululo linatsekedwa pa 21 December 1982. Taonani zaka, Zimbabwe inalandira ufulu mu April 1980, ndiye kuti kwa zaka zoposa ziwiri kunali gulu la ndege lonyamula dzina la dziko limene kunalibenso pa mapu

Mzukulu wa Mchona, Gweru: Achemwali a ku Lincoln ndikupempheni kanthu. Mukadzapitanso kumeneko mudzawafunse oyang'anira malowo ngati ali ndi kalikonse kolembedwa za anthu amene anamanga mabwalo a kuno, ngakhale chithunzi chimodzi cha anthu ali ndi mapiki pa Thornhill. Agogo anamwalira ndili ndi zaka 14, chithunzi chawo tilibe, chimene chinatsala ndi chitupa chawo cha pasi chong'ambika pakati chimene mayi amasunga mu Baibulo. Sindikufuna ndalama kapena mendulo, ndikufuna ndione nkhope za anthu amenewo mwina ndingaone wofanana nawo

Nabanda wa ku Lincoln: Ndamva achimwene ndipo ndipita, off yanga ina ndi Lachinayi. Munditumizire kumbali chithunzi cha chitupacho mbali zonse ziwiri, dzina lawo lonse, mudzi ndi mfumu yawo ku Ntcheu, ndi chaka chimene mukuganiza kuti anafika ku Gwelo. Agogo ajanso ndiwauza za njovu ya Lobengula, baji ya mchimwene wawo amaisunga mkabokosi pafupi ndi bedi ndipo dzulo anandifunsa ngati kwathu njovu zoterezi zilipo

Mzukulu wa Mchona, Gweru: Chabwino achemwali, mayi ali kumunda, akabwera madzulo ndijambula nditumize